Ndani Akulowa pa Kamera ya ku Mtiya?

Mayfair, Joni
14 Meyi 2022

Wokondedwa Mavis,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mwana wathu Peace, komanso amayi ako ku Mbedza. Chifuwa cha mwana chija chinatha? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba kale. Kwa ku Chawe kuja n'kwamasewera.

Wakhala ukundifunsa pa WhatsApp kuti bwanji masiku ano ndikungoyankha "bho" basi. Yankho lake ndi ili: pa foni yako sindingalankhule, chifukwa sindikudziwa kuti akumvetsera ndani. N'chifukwa chake ndalemba kalata ngati madala a ku Wenela, n'kupatsira a Yakobo a basi ya katundu. Uwerenge wekha.

Mavis, pali munthu amene akulowa pa kamera yathu.

Ndikufotokozere bwinobwino, usangoti "zanu za makompyuta zija". Foni iliyonse ikalowa pa intaneti imapatsidwa nambala, timaitcha IP. Ili ngati nambala ya galimoto. Nkhope ya dalaivala suiona, koma nambala imatsala. Kamera ija achimwene anga a Alufeyo anamangirira pamtengo wa mapeyala mwezi watha imalemba IP ya aliyense amene waitsegula. Oyenera kuoneka pamenepo ndi anthu awiri basi, iwe ndi ine. Yako ndimaidziwa, ndi ya ku Malawi. Yanga ndi ya wayifayi ya pashopu pomwe ndimakonza mafoni, ndinachita kuiloweza.

Ndiye Lachitatu ndatsegula pa kompyuta ya pashopu, ndikuona nambala yachitatu. Ikuyamba ndi 105. Si yako, si yanga. Ikulowa madzulo aliwonse ndikangoweruka, Lamulungu ndiye kangapo. Poyamba ndinati mwina ndi foni yanga yomweyi, koma ayi, nthawi imeneyo ndimakhala ndili mu tekisi, foni ili m'thumba lamkati. Kuno sutulutsa foni panjira. Ndiye kuti ndi munthu, ndipo akudziwa nthawi imene ndimachoka pa kompyuta.

Taganiza. Kamera imeneyo ikuona matumba a simenti, malata, chitseko cha nyumba, ndi nthawi imene umakwera kuphiri kukapikula sitiroberi. Wakuba angafunenso chiyani? Tamugulira maso ndi ndalama zathu zomwe! Zandinyansa kwambiri, masiku awiri sindinadye bwino.

Ndiye ukumbukire bwino, pasiwedi unauzako ndani? Sindikukalipa, ndikungofunsa. Mwina wina anabwereka foni kumsika? Lachiwiri upite ku Mbedza, ndidzakuyimbira pa kafoni ka mabatani ka amayi n'kukuuza pasiwedi yatsopano. Usailembe pakhoma ngati muja unachitira ndi nambala ya mita ya magetsi.

M'chikwama muli bulangete, jekete la Peace ndi mafuta ophikira. Simenti ukuti yakweranso? Gula matumba awiri okha kaye. Za mapepala anga usade nkhawa, pali munthu akuzithamangira.

Ndine mwamuna wako,
Trevor


29 Meyi 2022

Mavis,

Moni kwa iwe ndi mwana. Ndamva kuti jekete lamukulira, muzingopinda manja. Ine thupi lili bwino koma mutu ayi.

Kalata yako ndalandira. Ukuti, "Bambo a Peace, nambala ilibe miyendo, singanyamule malata." Unkaseka polemba zimenezo eti? Chabwino, seka. Tsopano imva izi, tione ngati usekenso.

Pasiwedi ndinasintha Lachiwiri masana. Ndinaiika pa kompyuta ya pashopu ndi pa foni yanga, kenako ndinakuyimbira pa kafoni ka amayi. Padziko lonse lapansi odziwa tinali awiri. Lachiwiri lomwelo madzulo, 105 uja pwee, walowa. Sanaphonye ngakhale kamodzi! Munthu wongoyerekeza amalakwitsa kaye, kamera imalemba kuti wakanidwa. Uyu anangolowa ngati kwawo. Ndiye undiuze, ine amene ndinakhala zaka ziwiri m'kalasi kuphunzira zimenezi, ndiganize chiyani?

Sindinathere pomwepo. Pa intaneti pali tsamba lina, ukalembapo IP limakuuza dera limene ikuchokera. Ine ndinkayembekezera kuti linena Zomba, kapena Blantyre, kapena dziko lakutali la akuba a pa intaneti aja. Likanatero bwenzi ndikugona tulo. Koma lalemba Pretoria.

Pretoria, Mavis.

Ndinayesa katatu, manambala akumapeto amasintha tsiku ndi tsiku koma awiri oyamba ndi omwewo, ndipo nthawi zonse Pretoria. Ine ndimakhala ku Mayfair, ku Pretoria sindinapondeko chibwerereni. Ndiye ndinakhala pansi n'kuyamba kuwerenga anthu a kwathu amene ali ku Pretoria. Ndi ochepa. Wofuna kuona simenti palibe, simenti angaitengere pa foni? Koma wofuna kuona munthu akusesa pakhomo m'mawa, akuchapa, akupesa tsitsi pakhonde, alipo mmodzi. Ndiyenera kumutchula? Amene ankaimba besi kukwaya kuja. Amene ankakuperekeza kuchokera ku sekondale mpaka pa mlatho, ine ndisanabwere. Winston.

Sindinanene kuti wachita kanthu. Ndikufunsa kuti pasiwedi yangayo yafika bwanji ku Pretoria tsiku lomwelo? Inakwera basi ya a Yakobo?

Yankha pakalata, osati pa foni. Ndipo usandiyankhe ndi nthabwala.

Sitiroberi zikatsika mtengo uyambe mapichesi. Pamalata uikepo miyala, mphepo ya Juni sichedwa.

Trevor


12 Juni 2022

Mavis,

Ndikhulupirira nonse muli moyo. Ine ndilipo. Sabata yatha ndinagona pashopu masiku angapo, kumene timakhala kunabwera alendo ena ofunsa mapepala. Zimenezo tidzakamba, si nkhani ya lero.

Walemba masamba atatu koma funso langa sunayankhe. Ukuti unalira. Ukuti Winston nambala yake ulibe. Kenako ukundifunsa kuti, "Kodi kamerayi munagulira simenti kapena ine?" Funso lanji limenelo? Ndinagulira simenti! Koma ngati ikuona zina ndiitseke m'maso?

Popeza wafunsa, ndikuuza zimene ndaona. Lachinayi unavala chitenje chatsopano chobiriwira, unaima pansi pa mtengo wa mapeyala, unayang'ana m'mwamba pa kamera n'kuzungulira kawiri, kenako unabayibitsa. Ine pashopu ndinasangalala ngati mwana, mpaka mnzanga wa ku Mozambique amene timagwira limodzi anandifunsa kuti ndawina chiyani. Madzulo ake ndikuona 105 walowa. Ndinati kani ndimasekerera zinthu za eni ake! Ukuti unkabayibitsa ine. Ndidziwa bwanji? Kamera ndi imodzi koma owonera tili awiri.

Ndiye ndachita zimene ndinayenera kuchita kalekale. Kamera ija ili ndi malo olembapo ma IP osafunika, ukalembapo basi, munthu amangogogoda pachitseko osalowa. Popeza mnzakoyo manambala ake akumapeto amasinthasintha, ndatseka banja lonse, iliyonse yoyamba ndi manambala awiri amenewo. Ndabuloka kale. Akagule kamera yake.

Umuuze kuti wachita ndi munthu wolakwika. Ine ndikhoza kukhala kuti ndimasula mabatire a mafoni m'kashopu ka eni, ndikhoza kumadya buledi ndi madzi a shuga kuti nyumba ya ku Mtiya ifike pa lenta, koma kundidyera masuku pamutu ayi. Manja anga ali ndi zipsera za chowotcherera, Mavis. Ndimadzuka kukadali mdima, madzi osamba ozizira ngati a mu firiji. Zonsezi kuti wina akhale ku Pretoria miyendo pa tebulo akuonera mkazi wanga ngati filimu?

Peace ndinamuona akusewera ndi ndowa ya madzi pafupi ndi simenti. Muletse.

Trevor


26 Juni 2022

Mayi a Peace,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndikuti "muli" chifukwa zikuoneka kuti masiku ano ndinu akuluakulu, mumachita kukhala ndi nthawi yotsegulira ndi yotsekera ngati banki.

Chitsekereni 105 uja, kamera ikugwira ntchito masana okha. Ndikakhala pashopu ndikuona zonse, nkhuku, ndowa, zovala pachingwe. Ndikangofika kuchipinda kwanga madzulo, kutsegula pa foni, bii! Ingozungulira kenako n'kulemba kuti yalephera. Lamulungu ndiye tsiku lonse. Lolemba m'mawa ndikafika pashopu, iyo yadzuka, ili bwinobwino. Masabata awiri tsopano, osaphonya.

Musandiuze za magetsi. Batire la sola ndinagula ndine, ndikudziwa kuti limakhala mpaka m'mawa. Magetsi ake ati odziwa kuti lero ndi Lamulungu? Mukuzula waya. Mnzanu atalephera kulowa mwagwirizana kuti ngati iye saona, nanenso ndisaone. Kapena madzulo pakhomopo pamabwera zimene simukufuna kuti ndione? Ndani akubwera? Watuma munthu?

Mukuti simunaikhudze, mukuti makwerero mulibe. Waya wake uli pansi, pakhonde, ngakhale Peace akhoza kuzula.

Malume anu a Alufandika anandiyimbira. M'malo mofunsa mwana wawo, akundiuza ine kuti, "Mkamwini saika diso pamtengo wa eni mudzi." Ndinawayankha mwaulemu kuti mtengo ndi wanu koma malata ndi anga. Anadula foni.

Ndalama za mafelemu a mawindo ndatumiza kwa achimwene a Alufeyo. Kuyambira lero za nyumba zizidzera kwa iwo. Za chakudya cha mwana zili mu envulopu ina, a Yakobo akupatsani pamanja.

Trevor


10 Julayi 2022

Mavis,

Moni. Mwana ali bwanji? Ndikufunsa chifukwa pa kamera sindikumuonanso. Masiku asanu pakhomo pali zii, chitseko chili ndi loko, nkhuku za aneba zikungopalasa pakhonde. Ndachita kumva kwa achimwene kuti wanyamula mwana ndi mapoto wapita kwa amayi ku Mbedza, ndipo nkhani waitula kwa ankhoswe. Osandiuza ine! Kalata yako yomaliza inali mizere iwiri: "Ndatopa kukhala m'nyumba yoyang'aniridwa ndi mtengo. Mukafuna mkazi mukafunse ankhoswe." Basi? Zaka zinayi za ukwati, mizere iwiri?

Achimwene akuti anakhala pansi ndi a Alufandika Loweruka. Akuti malume ako ananena kuti mawu amene ndakunenera ndi olemera, ndiwo amene amathetsa mabanja, ndiye ndibweretse umboni kapena ndibweze mawu. Achimwene anawaonetsa zithunzi za ma IP zimene ndinawatumizira. A Alufandika akuti anayang'ana foni mozondotsa n'kunena kuti, "Manambala tawaona. Nanga mwamunayo ali pati?" Ndipo achimwene anga enieni, nkhoswe yanga, m'malo mondiimira akuti anaseka nawo. Akundiuza kuti, "Trevor, ukumbukire kuti malo ndi a kuchikazi. Banja likatha utuluka ndi bulangete lako, malata sudzakazula." Ndikudziwa! Ndani sadziwa? N'chifukwa chake zikundiwawa!

Akufuna mwamunayo? Chabwino, ndiwapatsa.

Lamulungu likubwerali bungwe lathu la maliro, la anthu a ku Zomba okhala kuno, likukumana ku Pretoria kwa a Lajabu, wapampando. Akakumana kumeneko sindipita chifukwa tekisi ndi yodula ndiponso panjira pali zina, koma ulendo uno ndipita. Winston ndi membala, sajomba. Pali tsamba lina, ukalitsegula pa foni limakuonetsa IP ya foni yomweyo pompo. Ndikamuuza atsegule pamaso pa anthu onse. Ikakaoneka 105, ndikajambula, a Lajabu akhale mboni, ndipo chithunzicho chikafika ku Mbedza iwe usanatsuke mbale zamadzulo. Pamenepo a Alufandika akandiuze za mtengo wawo.

Sindikamenya munthu, usaope. Ndi wamkulu thupi kuposa ine komanso apolisi akabwera woyamba kutengedwa ndine.

Ukadali ndi sabata imodzi yonena zoona wekha. Ukanena wekha zikhoza kukambika.

Peace umuveke chipewa, ku Mbedza kumawomba.

Trevor


18 Julayi 2022

Mavis,

Ndikhulupirira uli bwino ndi mwana. Ine kaya.

Ndikudziwa kuti kalata ino ikupeza utamva kale, chifukwa Dora, mkazi wa Winston, analumbira kuti aimba foni kumudzi ndisanakwere n'komwe tekisi. Koma iye anena mwa iye. Imva mwa ine.

Ndinafika mochedwa, msonkhano uli mkati, mu galaja ya a Lajabu. Anthu ngati makumi atatu, ena pamipando ena pamakreti. Winston anali kutsogolo, wanenepa, atandiona anakweza dzanja, "Aise Trevor! Wasowatu!" Ine ndinangodutsa n'kukhala pakreti. Itafika nthawi ya zina ndi zina ndinaimirira. Ndinafotokoza zonse, kamera, IP, pasiwedi, Pretoria. Dzina lako ndinalitchula, Mavis. Pagulu. Ndikunena kuti usadzamve kwa wina.

A Lajabu anati, "Amwene, pano timakamba za maliro. Za banja zili ndi ankhoswe ake."

Ine ndinati, "Maliro ake ndi amenewa, akubwera, ngati munthu uyu satulutsa foni."

Winston anayang'ana kumbuyo kuti mwina ndikunena wina. Kenako anati, "Ineyo? Aise, Mavis ndinamuona komaliza paukwati wanu. Ndinavina mpaka kufupa. Kamera ine ndiidziwira kuti?"

Dora ndiye anali ataimirira kale, manja m'chiuno. "Apatseni foniyo bambo ake! Apatseni! Nanenso ndikufuna ndione!" Winston anandipatsa, osati poopa ine koma mkazi wake. Ndinatsegula tsamba lija. Anthu anaunjikana kumbuyo kwanga, wina mpaka anakwera pakreti.

Inaoneka nambala yoyamba ndi 41.

Ndinati ali ndi layini ina. Dora anatsegula yekha kumbuyo kwa foni, simu imodzi. Ndinati ali ndi foni ina kunyumba. Dora anati, "Achimwene, munthu uyu ngakhale sokisi sangandibisire, chipinda chathu n'chimodzi."

Pamenepo mayi ena ogulitsa mandasi, a Amisa, anati, "Ife tu zimenezi sitikuzimvetsa. Tationetsani yanuyo, tione kuti nambala ya munthu wosalakwa imaoneka bwanji." Sanali kundiyesa, ankangofuna kuona. Ine ndinati chabwino, onani nonse, muphunzire. Ndinatulutsa foni yanga, ndinakweza m'mwamba kuti akumbuyo aone, ndinatsegula.

105.

Nambala yachiwiri yomweyonso. Imene ndakhala ndikuilota miyezi iwiri.

A Amisa anati, "Iii, mesa ndi imene mumanena ija?"

Ndinati ayi, n'chifukwa choti lero ndili ku Pretoria kuno. Kenako wina kumbuyo anati, "Ndiye kuti chibwenzi cha akazi anu ndinu nomwe?" Galaja yonse inagwa ndi phwete. A Lajabu anayesa kuletsa koma iwonso misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. Amene sanaseke ndi Winston ndi Dora. Winston anangotenga foni yake n'kuipukuta pamalaya. Anati, "Ine ndiye zanga zatha, Trevor. Koma mwana wa eni uja wamutukwanitsa pagulu." Bola akanandimenya.

Mu tekisi ndinkadzilimbitsabe mtima kuti ndi chifukwa cha Pretoria. Nditafika ku Mayfair, m'chipinda changa, pabedi langa, ndinatsegulanso. 105. Ndinailemba pa tsamba la madera lija. Pretoria. Ndili ku Mayfair! Mxii! Kani kampani ya layini yangayi makasitomala ake imawatulutsira ku makina ake a ku Pretoria, ndiye tsambalo limatchula kumene kuli makina, osati kumene kuli munthu. Anatiphunzitsa zimenezi, ndikukumbuka ngakhale tsiku lake, kunkagwa mvula. Bwanji tsambalo salembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti anthu asamakhulupirire? Anthu opanga zinthu zimenezi akudziwa kuti akupasula mabanja?

Lero m'mawa pashopu ndayesa komaliza. Ndazimitsa wayifayi pa foni, foni ili patebulo, osaikhudza. Pa kompyuta pompo pabwera mzere: 105, wakanidwa. Apu ya kamera ija imalowa yokha! Ndikangotuluka pashopu wayifayi n'kuduka, iyo imadzera pa data n'kulowanso, foni ili m'thumba. Pasiwedi yatsopano ndinaipatsa ndekha Lachiwiri lija. Ndipo pamene ndinabuloka banja lonse la 105, ndinadzitsekera ndekha panja. Madzulo ndi Lamulungu, nthawi imene sindili pashopu. Waya sunazule.

Ndakwiya, Mavis. Ndakwiya moti ndaphwanya sikirini ya kasitomala, abwana andidula malipiro. Ndikufuna munthu womukalipira koma ndikayang'ana IP ikuloza m'thumba mwanga.

Chitenje chobiriwira chija chinakukhala.

Ndiyankhe. Ngakhale mzere umodzi. Ngakhale pa WhatsApp, palibe akumvetsera.

Trevor


7 Ogasiti 2022

Mavis,

Moni kwa iwe, kwa Peace ndi kwa amayi. Uwauze amayi kuti ndapereka moni, ngati angaulandire.

A Yakobo abwera kawiri opanda kalata yako. Pa WhatsApp ukuwerenga, ndikuona timizere tabuluu, koma zii. Chabwino. Ndamva.

Yankho ndalandira kudzera kwa achimwene. Ndisananene, ndikuuze zimene ndinaona komaliza. Nditachotsa buloko ija kamera inayambanso kugwira paliponse, masana ndi madzulo, kundionetsa loko ndi nkhuku za aneba. Ndiye Loweruka lapitalo ndikuona makwerero akutsamira pamtengo. Kenako chipewa. Kenako nkhope ya a Alufandika, mphuno yokhayokha kudzaza foni yonse. Anayang'anitsitsa mkati ngati akufuna kundiona, analankhula mawu ena amene sindinamve popeza ilibe maiki, kenako mdima. Munthu wa zaka zimenezo kukwera mumtengo! Akanagwa bwenzi mlandu uli wanganso.

Tsopano zimene agamula ankhoswe. Akuti kupepesa kwa pakalata sakulandira. Kwa pa foni sakulandira. Ndinapempha vidiyo, kuti onse akhale pakhonde ine ndilankhule ali kundiona, a Alufandika akuti, "Za pagalasi zatikwana." Akuti mawu ndinawanena pagulu ndi pakamwa panga, ndiye ndikawabweze pagulu ndi pakamwa pomwepo, ku Mbedza, pamaso pa iwe, amayi ndi ankhoswe onse awiri, nkhuku ili m'manja. Mwezi uno usanathe. Kupanda kutero akuti aona kuti mwamuna palibe.

Kodi anthu amenewa akudziwa chimene akupempha? Iwe ukudziwa. Za mapepala zija ndinkati wina akuzithamangira, munthuyo anathamanga nazodi, foni yake sikugwiranso. Masiku anga anatha kale chaka chatha. Ndikafika pa boda andidinda, ndipo chidindo chimenecho ndiye kuti Joni ndayiwala kwa zaka. Abwana ndawafunsa, akuti mpando sudikira munthu, pali anyamata atatu akuufuna. Nyumba ili pa lenta, mawindo mulibe. Ku Zomba ndikakonza mafoni angati kuti ndigule chitseko chimodzi? Ndinawauza achimwene zonsezi, ndinakuwa mpaka ma yuniti anatha. Anangoti, "Ndiye usankhe, mawindo kapena mkazi." Nkhoswe yanga imeneyo!

Masiku atatu ndakhala ndikutukwana aliyense. A Alufandika, tsamba la madera lija, a Amisa ndi mandasi awo, amene anapanga apu yolowa yokha. Lachinayi ndinapita kwa a Yakobo kukapereka kalata ina yaitali yofotokoza chifukwa chimene sindingabwerere. Ndili pamzere ndinaiwerenganso. Inali yomveka bwino, mfundo zonse zili m'malo, ngati makalata ena aja ndinakulembera. Ndinaing'amba. Ndagula tikiti.

Tinyamuka pa 19, tikafika Lamulungu kapena Lolemba malinga ndi pa boda. Zida zanga zokonzera mafoni ndatenga, uwafunse a Hafiz a pafupi ndi depoti ngati khonde lawo lija likadali lopanda munthu. Winston ndinamuyimbira, ndinapepesa. Anati iye wamva, koma Dora akuti ndisadzapondenso pakhomo pawo. Peace ndamugulira nsapato, ndangoyerekeza saizi.

Sindikudziwa ngati ukandikhululukire. Achimwene akuti iwe sunanene kanthu, ngakhale kwa iwo. Sindikufunsa pano, ndikafunsa konko.

Chinthu chimodzi chokha chikundipweteka. Ndinawapempha achimwene kuti nkhukuyo agule iwo akaisiye ku Mbedza usiku, ine ndikangoipeza. Akana. Akuti a Alufandika anenetsa kuti ndikagule ndekha mumsika waukulu, tambala, ndipo ndiyende naye wapansi kuchokera pamenepo mpaka kwanu, masana, osakwera kabaza, osamuika m'jumbo. Tawuni yonse ya Zomba ikudziwa kale nkhaniyi, a minibasi, a sitiroberi anzako, akwaya. Onse akatuluka kudzaonera.

Aonere. Ndinyamula.

Ndine mwamuna wako,
Trevor